Mawu a Pachitseko cha a Dikishonale

Patatha miyezi itatu amuna awo atapuma pa ntchito ya ukalaliki, Mayi Telala anayamba kuona kuti nyumba yachepa. Bambowo ankadzuka m'mamawa, kusamba, kumanga tayi, n'kukhala pakhonde ndi nyuzipepala yadzulo kudikira munthu woti amukonze Chingerezi. Akasowa munthu ankakonza wailesi. "Ameneyu anaphunzira kuti?" ankatero akuiloza ndi chala ngati ikuwaona. Anthu a mumsewu wawo anali atawapatsa kale dzina lakuti a Dikishonale, ndipo eni akewo ankalimva ngati ulemu.

Mayi Telala sukulu anailekezera panjira, ndipo pa zaka makumi atatu za banja lawo amuna awo sanalole kuti aiwale zimenezo ngakhale tsiku limodzi. Koma shopu inali ya mayiwo. Anayamba ndi makina amodzi opalasa ndi mwendo pakhonde la sitolo ya munthu wina, kusoka zigamba ndi kusintha mazipi. Tsopano anali ndi chipinda chachitali cha makina khumi ndi awiri, tebulo lalikulu lodulirapo nsalu, malo ositira, ndi kaofesi kumapeto komwe mwana wawo wamkazi ankalembera makalata pakompyuta. Ankasoka mayunifolomu a ana asukulu, a alonda ndi a anamwino. Pa zonsezo bambowo sanasokepo ngakhale batani limodzi. Masiku a makina amodzi aja, akamadutsa ndi anzawo a ku ofesi, ankayang'ana kumbali ngati pakhondepo palibe munthu.

"Mayi," anatero tsiku lina akumwa tiyi, "ndaganiza zoti ndikuthandizeni. Kampani yopanda mwamuna pamwamba anthu saikhulupirira."

"Nanga zaka zonsezi akhala akuikhulupirira bwanji?"

"Akhala akungokumverani chisoni. Pagona tonde padzinunkha, mayi. Ine ndikufuna ofesi, ndiponso dzina la udindo lolembedwa pachitseko."

Mayi Telala anangoti, "Ndamva," n'kutola makapu. Anaganiza kuti nkhaniyo ifa yokha. Koma inadzuka nawo m'mawa uliwonse kwa masabata atatu, mpaka tsiku lina anakaidandaulira mwana wawo muofesi.

Mwanayo anali ndi mutu wakuthwa ndi lilime lakuthwa kuposa mutuwo. Chingerezi chake chinali chakukoleji, ndipo ankakumbukirabe mmene bambo ake ankamuimitsira pamaso pa alendo ali wamng'ono kuti atchule mawu ovuta, akalakwitsa n'kumuseka. Anamvetsera amayi ake akudandaula, kenako anamwetulira pang'ono.

"Apatseni, Amayi. Dzina ndiwapezera ine."

Madzulo a tsiku lomwelo anabweretsa kalata kunyumba, ya chidindo cha shopu. A Dikishonale anavala magalasi, n'kuyamba kuwerenga mokweza monga mwa chizolowezi chawo. Mawu ankatuluka ngati madzi a pampopi mpaka anafika pamzere wa udindowo. Pamenepo milomo inaima. Mayi Telala, amene ankadziwa nkhope imeneyo kuposa yawo yomwe, anaona diso likubwerera kumbuyo kawiri. Pamzerepo panalembedwa kuti Titular Director.

"Eya," anatero bambowo atatsokomola. "Mawu oyenera kwambiri. Mwanayu sukulu sinapite pachabe."

"Amatanthauza chiyani, bambo?" anafunsa Mayi Telala.

"Amachokera ku mawu akuti taitolo, ndiye kuti udindo. Titular ndi mwini maudindo onse. Kumwamba kwake kulibenso wina. Koma inu izi musavutike nazo, ndi zakuya."

M'mawa mwake mayiwo anatseka chitseko cha ofesi n'kumugwira mwana wawo pamkono. "Tandiuza zoona. Mawu aja ndi otani?"

Mwanayo anaseka mpaka kugwira tebulo. "Amayi, mawu aja amanenedwa kwa munthu amene ali ndi dzina lokha la udindo, koma ntchito ndi mphamvu zili kwa wina. Ngati mafumu a m'mayiko ena aja, ovala chisoti n'kumabayibitsa anthu, zolamula akulamula ena. Dzina lilipo, mano palibe."

"Iwe! Ndiye akakatsegula chibuku chawo chomasulira mawu chija?"

"Adadi? Kutsegula buku n'kuvomera kuti sakudziwa. Bola kufa."

Mayi Telala anaseka mpaka misozi kutsika. Zaka makumi atatu akutchedwa mbuli, lero mphunzitsi wagwera m'dzenje la Chingerezi chake chomwe. Anapukuta m'maso ndi kachidutswa ka nsalu, n'kunena kuti aitane wolemba zikwangwani.

Anawakonzera kachipinda kosungiramo zidutswa, n'kuikamo desiki ndi mpando wozungulira. Pachitseko panakhomedwa chikwangwani chakuda cha zilembo zagolide. Bambowo anabweretsa dikishonale yawo yaikulu ija, ya chikuto chofiira, n'kuiika pakona ya desiki pamene aliyense wolowa angaione. Fumbi lake ankapukuta tsiku ndi tsiku, koma kuitsegula ayi.

Tsiku loyamba anaimitsa makina onse kuti alankhule kwa antchito. Analankhula theka la ola, manja ali kumbuyo, za mwambo wa pantchito ndi za kufunika kosunga nthawi, kwa anthu amene ankafika iwo asanadzuke. Anawaphunzitsanso katchulidwe ka udindo wawo. Osoka anayesa, malilime anakana, ndipo pofika masana mawuwo anali atasanduka "titula". Mayi wositira, amene pakamwa pake sipankagona ntchentche, ndiye anamaliza nkhaniyo. Bambowo akadutsa, ankayang'ana simbi yake n'kufunsa chapansipansi, "Koma abale, katunduyu titula liti?" Mzere wonse wa makina unkagwedezeka ndi phwete.

Mayi Telala ankamva zonsezo n'kumangokhala chete. Kunena zoona zinkawakomera. Amuna awo analamula kuti Lolemba lililonse moni azipereka m'Chingerezi, anthu n'kumangowayankha kuti "yesi bwana" pa chilichonse. Anagula belu la padesiki, koma phokoso la makina linkalimeza. Anasindikizitsa timakadi ta dzina lawo n'kugawira anzawo onse opuma pa ntchito, ndi wometa tsitsi yemwe. Zonsezi mayiwo ankaziona ngati masewera a mwana amene wapatsidwa chiwongolero cha galimoto yopanda injini. Kunyumba kunali mtendere, wailesi inapuma.

Munthu mmodzi yekha sankaseka nawo. Anali wodula nsalu, amene onse ankamutcha a Sizasi. Anali bambo wachikulire, wamtali, wosalankhulalankhula, choko kukhutu, tepi m'khosi. Anayamba ndi Mayi Telala makina ali awiri okha. Ankatha kumuyang'ana munthu kamodzi n'kudziwa m'chiuno mwake, ndipo pa mpukutu umene wina akanadulapo malaya makumi awiri iwo ankatulutsapo makumi awiri ndi atatu. Shopu yonse inkadya kuchokera patebulo lawo, chifukwa popanda chodulidwa palibe chosokedwa. A Dikishonale akamalankhula, iwo ankangopitiriza kujambula mizere yawo.

Tsoka linabwera Lachitatu lina, Mayi Telala atapita kukasankha nsalu kwa ogulitsa zambiri nthawi imodzi. Shopu inali ndi oda yaikulu ya madiresi a anamwino a chipatala china, ofunika Lolemba. Anabwerako cha m'ma thuu koloko, ndipo asanalowe n'komwe anadziwa kuti kwagwa kanthu. Makina sankalira. Osoka anali atakhala manja pamiyendo, ndipo patebulo lodulira panali nsalu yoyera itayalidwa, mizere ya choko italekezera pakati.

"A Sizasi ali kuti?"

Onse anayang'ana pansi, kupatula mayi wositira. "Achotsedwa ntchito, mayi."

"Ndi ndani?"

"Ndi a Titula."

Anafotokoza zonse mosasiya kanthu. Bambowo anatuluka muofesi mwawo akufuna kuyezedwa suti yatsopano, yoti igwirizane ndi udindo. A Sizasi anati, "Dikirani ndimalize mzerewu, bambo." Iwo anati, "Bambo? Ndine bambo wako ine? Tawerenga pachitseko apo." A Sizasi anayankha kuti Chingerezi sawerenga, amawerenga tepi. Wina anaseka. Pamenepo bambowo analowa muofesi, n'kutuluka ndi kalata yolemba pamanja, yodinda chidindo, n'kuiwerenga pamaso pa onse, kenako n'kuimasulira kuti aliyense amve kuti munthu wamwano ndi wosaphunzira alibe malo pakampani ino. A Sizasi anachotsa choko kukhutu, kuchiika patebulo, kukulunga sizasi yawo m'kansalu, n'kutuluka.

Mayi Telala analowa muofesi ya mwana wawo.

"Iwe unali pano?"

"Ndinalipo, Amayi. Koma musade nkhawa, kalata ija ilibe mphamvu. Adadi sangachotse ngakhale mphaka. Ndi pepala chabe."

"A Sizasi akudziwa zimenezo?"



Mayiwo sanagogode pachitseko cha zilembo zagolide. Anapeza amuna awo akuzungulira pampando, nkhope ili ngwee ngati munthu amene wapha njoka pamaso pa akazi.

"Mwabwera bwino, mayi. Ndachotsa chisa cha mwano. Mutu umodzi ukagwa, enawo amaphunzira."

Mayi Telala ananyamula chibuku chofiira chija ndi manja awiri, n'kutuluka nacho, n'kukachigwetsa patebulo lodulira kuti phi! Fumbi la choko linauluka.

"Bambo, tabwerani kuno. Ine ndine mbuli, mwakhala mukundiuza. Anthu awanso ndi mbuli. Tithandizeni. Tsegulani bukuli, mupeze mawu a pachitseko paja, mutiwerengere, mutimasulire bwinobwino ngati mmene munamasulira kalata ija."

"Mayi, ino si nthawi ya sukulu."

"Makina aima kale. Nthawi ilipo yambiri."

Maso onse anali pa iwo. Kukana kukanakhala kuthawa, ndipo a Dikishonale sanathawepo buku pamaso pa anthu. Anavala magalasi, kunyowetsa chala, n'kuyamba kutembenuza masamba mwaulemu wake. Chala chinatsika ndi tsamba, chinaima. 

"Tikudikira, bambo."

"Mawu a Chingerezi," anatero ndi mawu ouma, "amakhala ndi matanthauzo angapo."

"Yambani ndi loyamba."

Anawerenga m'Chingerezi, mothamanga, mawu akuthera m'kolala.

"Sitinamve. M'chinenero cha ife mbuli."

"Akuti... wokhala ndi dzina la udindo." Anaima. "Popanda mphamvu zake."

 Ngakhale mayi wositira anagwira pakamwa.

"Koma pali lachiwiri," anafulumira bambowo. "Akutinso ndi munthu amene dzina lake lili pamutu wa buku kapena wa sewero."

"Ndiye inu dzina lanu lili pabuku liti? Lili pachitseko cha chipinda cha zidutswa." Mayi Telala sanakweze mawu. "Masabata asanu mwakhala mukugona ndi mawu amenewa, kudzuka nawo, kugawira anthu pa timakadi, buku lili pamphuno panu. Munthu amene mwamutcha wosaphunzira uja sadula nsalu asanayeze. Inu mwavala dzina osaliyeza."

Bambowo anatembenukira kwa mwana wawo, amene anaima pakhomo la ofesi. "Iwe unkadziwa?"



"Ankadziwa, inenso ndinkadziwa," anatero Mayi Telala. "Ndipo iwe usaime apo ngati mlendo. Ndiwe mwana wa bambo ako ndithu. Iwo amamenya anthu ndi Chingerezi, iwenso wawamenya ndi Chingerezi chomwecho, ndipo chibonga chagwera munthu amene sanalakwe. Unaona mkulu akunyozedwa, iwe n'kumasekera kuseri kwa kompyuta."  Mumtima ankadziwa kuti pa anthu oseka aja woyamba anali iwo eni, ndipo zimenezo zinawawawa kuposa zonse.

Madzulo omwewo anapita kwa a Sizasi. Anawapeza atakhala pampando kuseri kwa nyumba, akunola sizasi imene inali yakuthwa kale. Mayi Telala anafotokoza za mawu aja, kuti kalatayo ndi yopanda pake, kuti zonse zinali nthabwala chabe.

A Sizasi anamvetsera mpaka kumapeto. "Mayi, nthabwala yanuyo ine sindinauzidwe. Chimene ndinamva ndi mwamuna wa bwana wanga akunditcha wosaphunzira pamaso pa ana amene ndinawaphunzitsa kugwira nsalu. Ndipo mwana wanu, amene yunifolomu yake yoyamba ndinadula ndine, anali pomwepo."

"Ndalakwa ndine. Bwererani, chonde."

"Inu simunanditukwane. Amene ananditukwana abwere anene yekha. Osati pepala. Ndimve ndi makutu angawa, m'chinenero chimene ndimamva."

Mayi Telala atakawauza zimenezo, amuna awo anakana. Lachinayi sanapite kushopu, anagona chofunda kumutu, akuti mutu ukuwawa. Lachisanu analemba kalata yopepesa ya masamba awiri, yodzaza mawu aatali ngati njanji, Mayi Telala n'kuibweza osaiyang'ana. Masiku awiri amenewo mayiwo anadula okha nsalu, ataweramira tebulo kuyambira m'mawa, msana ukuyaka moto. Dzanja linali litaiwala. Anawononga mikono ya madiresi asanu ndi umodzi, ndipo makina theka ankangokhala.

Loweruka m'mawa anaima pakhomo la chipinda chogona atanyamula sikuludiraiva.

"Bambo, ine ndikupita kukachotsa chikwangwani chija. Chipindacho tibwezeremo zidutswa."

Chofunda chinatsika msanga. "Mayi, dikirani. Anthu ndinawapatsa kale makadi. Anzanga akubwera Lachiwiri kudzaona ofesi. Ndikawauza chiyani?"

"Muwauze tanthauzo lake."

"Ambiri aja sadziwa," anatero motsitsa mawu. "Chisiyeni chikhale."

Mayi Telala ankayembekeza kuti munthuyu akwiya, achizula yekha chikwangwanicho n'kuchiponya kudzala, ndipo akanatero akanawapatsako ulemu. Koma ayi. Bambowo ankadziwa tsopano kuti m'chigobamo mulibe kanthu, n'kumachikumbatirabe.

"Chikhala ngati muvala nsapato tipite kwa a Sizasi."

Anavala, ndi tayi yemwe. Mwana wawo anawatsatira pambuyo osaitanidwa. Njira yonse bambowo ankayeseza mawu chamumtima, milomo ikugwedera. Atafika anayamba ndi Chingerezi, a Sizasi n'kungoyang'ana kumwamba ngati akuona nyengo. Mayi Telala anatsokomola.

"Akulu," anatero a Dikishonale pomaliza, mawu akutuluka ngati minga, "ndinalakwa. Pepani."

"Mwati bwanji? Makutuwa akalamba."

"Ndati pepani. Ndinalankhula zopusa."

"Ndamva," anatero a Sizasi. Mwana uja anagwada pambali pa mpando n'kupepesanso, misozi ili m'maso, ndipo kwa iyeyo mkuluyo anangoti, "Dzuka, mwana wanga, usadetse siketi."

A Sizasi anabwerera ku ntchito tsiku lomwelo. Ataona mikono imene Mayi Telala anadula, anapukusa mutu, n'kuikankhira kumbali. Komabe masiku atatu otayika sabwerera. Madiresi a anamwino anatha Lachinayi m'malo mwa Lolemba.

Amene anabwera kudzawatenga anali mkulu wa anamwino mwiniwake, mayi wojintcha, wa nsapato zolira, nkhope itakwinyika kuyambira pageti. Sanafune moni kapena mpando.

"Anamwino anga atsopano ayamba ntchito atavala zovala za kunyumba ngati odzazonda odwala. Sindikufuna kulankhula ndi osoka. Ndikufuna mkulu wa kampani ino. Ali kuti?"

Mayi Telala anali ndi mapini pakamwa. Anawachotsa limodzilimodzi, n'kuloza ndi chibwano kuchitseko cha zilembo zagolide.

"Ali m'menemo, mayi. Lowani, musagogode."

Chitseko chinatsekeka. Kwa theka la ola munamveka mawu a munthu mmodzi yekha, Chingerezi chothamanga ngati matalala padenga la malata, ndipo mwa apo ndi apo kamawu kena kakang'ono kakuti "yesi madamu". Mayi wositira anaimika simbi yake n'kutchera khutu.

"Ayi ndithu," anatero, "mutu ukakula sulewa nkhonya. Ntchito aipeza."

Palibe anaseka mokweza, chifukwa a Sizasi anali atakweza maso. Mayi Telala anauza osoka awiri kuti apinde madiresiwo bwinobwino n'kukawaika m'galimoto ya mlendoyo, kuti akamatuluka apeze zonse zili m'malo. Kenako anatenga mpukutu wa nsalu yabuluu ya alonda, n'kuthandizana ndi a Sizasi kuuyala patebulo.